Mmene Ndinadetsera Imvi za Agogo Anu

Lusiya, kabotolo kakoko kabweze m'chikwama, ndakaona kalekale. Ukuti chithunzi cha ukwati wako chidzakoma ine ndikadetsa mutu? Mwana iwe, mutu uwu watenga zaka zambiri kuti uyere chonchi, ndiye iwe ukufuna kuuwononga masana amodzi. Khala apa uzisankha nyemba ndi anzako. Tomasi, usaseke, nawenso imvi zili m'njira, n'zakumtundu kwanu. Ine ndinadetsapo mutu wa munthu kamodzi kokha m'moyo wanga, ndipo lero mumva mmene zinathera.

Ana inu mukalowa mu loja, m'sitolo muja, mumapeza mabotolo ali ndandanda, ili la tsitsi, ili la m'khwapa, ili la nkhope, lina la zidendene zokha, ngati chidendene chimapita kukafunsira mbeta. Nthawi ya nkhondo kuno ku Ntengo-Wambalame mu loja munkangokhala mwini wake ndi ntchentche. Sabao, sopo uja, atasowa tinabwerera ku za amayi athu. Tsitsi tinkatsuka ndi masamba a chewe, otereratu aja. Mano tinkatsuka ndi makala ndi kamtengo kotafuna kunsonga. Thupi tinkadzola mafuta a nsatsi, okazinga tokha, kusinja tokha, kuwiritsa tokha, ndipo mtsikana akadzola bwino ankanyezimira kuchokera kutsidya kwa dambo, fungo n'kufika mwini wake asanafike. Piritsi limodzi la mutu tinkaligawa panayi ndi mpeni. Amene walandira kachidutswa kakang'ono ankadandaula kuti mutu wapola mbali imodzi yokha.

Agogo anu aamuna, malemu aNkhoma, inu munawadziwa ali nkhalamba, ndiye mumayesa imvi zija zinabwera ndi ukalamba. Ayi ndithu. Anabwera kudzandifunsira ali mnyamata wa zaka vinte e sinku, makumi awiri ndi zisanu basi, mutu uli kale mbuu ngati wagwera m'thumba la ufa. Amayi anga anawayalira mphasa ya akuluakulu n'kuwafunsa kuti mnyamatayo afika liti. Atate awo analinso choncho, akuti ngakhale agogo awo. Pamene nkhondo inkafika kwathu kuno anali asanakwanitse kwarenta, zaka makumi anayi, munthu wonyamula matumba awiri a mbatatesi kuchokera kudimba osatula panjira.

Tsono imvi zija zinasanduka chuma. Anthu amfuti akalowa m'mudzi ankafuna amuna oti awanyamulire katundu. Usandifunse kuti anali a mbali iti, Tomasi, katundu wa mbali zonse ankalemera chimodzimodzi. Ankatenga amuna amphamvu, nkhalamba n'kuzisiya. Bilyete la agogo anu, chitupa chawo chija, tinalikwirira m'chitini pansi pa nkhokwe, poti likananena zaka zoona. Akangomva kuti alendo afika, aNkhoma ankatola ndodo, kupinda msana, n'kuyamba kutsokomola chifuwa chimene analibe. Kawiri konse anawadutsa. Ulendo wina msilikali anawagwira dzanja n'kuwakhazika pamthunzi, amvekere, "Khalani apa madala, mungagwe." Atangochoka anthu aja, madala anadzuka n'kukagwetsa mtengo.

Munthu wanzeru akanathokoza Mulungu n'kukhala chete. Ine nzeru ndinalibe, ndinali ndi nkhope. Eee, sekani, koma nkhope inalipo, kafunseni aliyense amene watsala. Ndiye pachitsime panali Nangondo, mnansi wanga, mkazi amene pakamwa pake panalibe chotsekera. Ndikangotula ndowa iye amvekere, "Nachisale, agogo ako adzuka bwanji? Wawaphikira phala lofewa?" Ndinkamubwezera, ine sindinali wosowa mawu, koma pobwerera kunyumba mtima unkawawa. Mwamuna wanga anali mwamuna kuposa amuna awo onse, koma wodziwa ndinali ine ndekha.

Chimene chinandimaliza ndi ubatizo wa bambo ako, Tomasi. Kunabwera katekisita watsopano wochokera ku Tsangano, wosatidziwa. Tayimirira kutsogolo, khanda lili m'manja, iye anayang'ana aNkhoma n'kunena mokweza, tchalitchi chonse chikumva, "Agogo, inu kakhaleni pansi, tikufuna bambo wa mwana." Nangondo anaseka mpaka anatuluka panja. ANkhoma nawo anangoseka. Ine ndinafika kunyumba osadya.

Chaka chimenecho tinakolola bwino, ndipo kunali zii miyezi ingapo, mfuti osamveka. Munthu sachedwa kuiwala. Mu Junyu ndinasenza dengu la mbatatesi pamodzi ndi akazi anzanga kupita kumalire, kuja umangowoloka msewu n'kupezeka uli ku Malawi. Inu lero mumakwera njinga yamoto n'kudandaula kuti msana wawawa. Ife tinkanyamuka mame asanaume, kudzera tinjira ta m'mapiri, phazi kuponda pamene waponda mnzako wakutsogolo, chifukwa pansi pankakhala zinthu zokwiriridwa. Mbatatesi tinkasinthanitsa ndi mchere ndi sabao.

Kumeneko kunali bambo wina woyala malonda pachiguduli. Anali ndi mapiritsi ofiira ndi achikasu, timachitini ta mafuta otentha opaka pachifuwa, mankhwala a njoka za m'mimba, a dzino, a nsabwe. Matenda alionse umene ungatchule iye ankaloza pachiguduli pomwepo. Pakati pa zonsezo panali kabokosi kakang'ono, pali chithunzi cha mwamuna wa tsitsi lakuda bii, akumwetulira ngati sanagonepo ndi njala.

"Aka n'kachiyani, achimwene?" ndinafunsa.

"Tinta ya tsitsi, mayi. Musungunule ndi madzi pang'ono, mupake, mudikire, mutsuke, basi. Nkhalamba imabwerera kuunyamata."

Zolemba pakabokosipo zinali za Chingerezi, pamene ine ngakhale Chipwitikizi changa chinathera mu segunda kalasi, chaka chachiwiri chokha. Sindinafunsenso china. Sindinafunse n'komwe kuti munthu akafuna kuichotsa amatani. Mbatatesi za mchere zinapita pa kabokosi, ndipo mwezi umenewo ndiwo tinadya zopanda mchere, ine n'kumanamizira kuti kumalire mchere wasowa.

ANkhoma anakana masiku atatu. "Amake Zefa," ankanditchula choncho potengera mwana wathu woyamba, azakhali anu aja, "mutu uwu ndi umene ukundisunga pakhomo pano."

"Nkhondo yapita kutali, abambo ake Zefa. Kamodzi kokha, anthu aone kuti ndinakwatiwa ndi mwamuna, osati ndi malume a amayi anga."

Ndinanyanyala, ndinaphika mochedwa, ndinalirako pang'ono. Lusiya, zimenezi usakayese kwa mwamuna wako, zimagwira ntchito. Munthu uja anali wofatsa, ndipo ankandikonda kuposa mmene ndinkayenera. Tsiku la Sabudu, Loweruka, masana anakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe n'kunena kuti, "Chitani, koma amayi asaone." Paja ine ndinali pachitengwa, apongozi anga nyumba yawo ili pafupi ndi yathu.

Ndinasungunula ufa wa m'kabokosi uja m'phale n'kuyamba kupaka ndi nthenga ya nkhuku. Nthenga inandichedwetsa, ndiye ndinalowetsa zala. Tinta inayenderera m'makutu, m'khosi, ina inadonthera pa nkhuku imene inkadutsa, ndipo nkhuku imeneyo inakhala ndi banga mpaka tsiku limene tinaidya. Wogulitsa uja sananene kuti kudikirako n'kotalika bwanji, choncho tinadikira mpaka dzuwa linapendeka, kuti ilowerere bwino. Nditatsuka, ana inu, ndinakhala pansi. Pamaso panga panali mnyamata amene sindinamuonepo, poti ngakhale tsiku la ukwati sanali wotere. Ndinachita manyazi ngati andipeza ndi mwamuna wa mwini. Ndinawapatsa kachidutswa ka kalilole. Anayang'ana, anatembenukira uku, anatembenukira uko, kenako n'kufunsa, "Kodi kamiza yanga, malaya oyera aja, ili kuti?"

Pa Domingo tinanyamuka kupita kutchalitchi, iwo patsogolo, ine pambuyo ndikuyenda ngati pansi n'panga. Apongozi, amene maso anali atayamba kufooka, anawapatsa moni wa alendo, kuomba m'manja ndithu, kenako n'kundikokera pambali. "Mlendoyu wagona kuti?" Mwana wawo wobereka okha. M'tchalitchi makosi onse anatembenuka. Nangondo, amene ankatsogolera nyimbo, anaiwala mawu pakati n'kumangoti mmm, mmm. Ine ndinaimba tsiku limenelo mpaka mawu anasasa. Ndinali wokondwa, sindikubisirani. Masiku anayi amenewo tinali ngati angotimanga kumene ukwati. ANkhoma ankapita kudimba akuimba mluzu, ndodo ataiponya padenga.

Lachinayi masana kunafika mayi wina wa mudzi woyandikana nafe, wefuwefu, mpango uli m'manja. Anati anthu amfuti ali kwawo, atenga amuna, ndipo mawa m'mawa afika kuno. Njira ya kumalire aitseka. Choopsa kwambiri, ulendo uno nyumba imene sakupezamo mwamuna akutenga mkazi. Ine ndinali ndi mwana wakubere. Ndinawauza aNkhoma kuti athawire kuphiri, zanga ndiona ndekha. Iwo anati, "Sindithawa. Tengani madzi."

Ana inu, mutu uja tinautsuka. Tinayamba ndi chewe. Tinabwera ndi chidulo. Tinafinyira mandimu. Tinakwecha ndi mchenga wa kumtsinje ngati tikutsuka mphika. Sabao wathu womaliza anathera pomwepo. Khungu linafiira, munthu akubuula, koma tsitsi likungowalirawalira, ngati tikulidyetsa. Apa n'kuti apongozi atadziwa kale mlendo uja kuti ndani, atakhala pakhonde. Nditatenga lumo kuti ndingometa mpala, ndi pamene anadzuka n'kundigwira dzanja. Masiku amenewo mwamuna wometa mpala ankamuyesa msilikali wothawa, ndipo wotereyo sankamupatsa katundu, ankapita naye kuseri kwa phiri. Lumo ndinalibweza.

Tinayesa ufa, unagwa atangoyetsemula. Tinayesa phulusa, anaoneka ngati munthu wa tsitsi lakuda amene wadzithira phulusa.

Amene anabwera ndi nzeru ndi Dona Selesite, mkazi wa purufesoro, mphunzitsi wa pasikola yathu. Ameneyu anachokera ku Tete, ndipo m'mudzi monse ndi yekhayo anali ndi pasita yotsukira mano, chubu chimodzi chimene anachisunga kuyambira nkhondo isanafike. Ankafinya kadontho pa Domingo ndi pa Natale, Khirisimasi ija, basi, ndipo tsiku limenelo ankalankhula nawe pafupi kuti umve. Anabwera nacho atachikulunga m'kansalu.

"Mana Nachisale, iyi ikauma imayera, ndipo imamata. Ndinaonera pa kamiza ya amuna anga."

"Nanga inu mudzatsukira chiyani, Dona?"

"Makala, ngati anthu ena onse. Pronto, tengani ndisanasinthe maganizo."

Kutacha tinafinya chubu chonse mpaka kuching'amba ndi mpeni n'kukombeza. Ndinapaka ndi zala, pang'onopang'ono, kutsitsi kulikonse. Inauma, inayera. Ine ndi Dona Selesite tinaima patali n'kuyang'ana, nkhalamba yathu yabwerera. Tinagwirana manja n'kuvina pang'ono pabwalo. Vuto linali fungo. Pakhomo ponse pananunkhira ngati m'kamwa mwa Dona Selesite pa Domingo. ANkhoma anati, "Mutu ukuzizira ngati ndauviika m'chitsime." Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma lathu linkamveka uli kumsewu.

Anatisonkhanitsa pabwalo la sikola, amuna pamzere wawo, ife akazi pambali. ANkhoma anali atatsitsa ndodo padenga paja, msana wopinda, chifuwa chija chabwerera. Tsono nyengo ya Junyu kwathu kuno mukuidziwa. Nkhungu inatsika kuphiri, kenako kamvula kowaza kaja kosanyowetsa nthaka koma konyowetsa munthu. Ndinapemphera kuti Ambuye, kagwireni pang'ono kokha. Sanakagwire. Madontho oyera anayamba kutsika pachipumi. ANkhoma anapukuta ndi dzanja, ndipo kupukutako ndi kumene kunautsa thovu. Akamapukuta, thovu likuchuluka. Linalowa m'maso, misozi n'kumatuluka, iwo akutsokomolabe mokhulupirika.

Shefi wa anthu aja, mtsogoleri wawo, anali mnyamata, wamng'ono kwa aNkhoma. Anafika pa iwo n'kuima. Ananunkhiza. Anapaka chala pamutu paja n'kulawa.

"Epa, madala, mano anu ali kumutu?"

Asilikali anaseka. Amuna a pamzere anaseka. Mulungu andikhululukire, inenso ndinaseka, mwana ali kumbuyo. Wina anawathira madzi a m'chigubu, ndipo mutu unatuluka wakuda bii, wowala kuposa pa Domingo paja.

ANkhoma ataona kuti bodza latha, anawongola msana n'kuyamba zoona. "Shefi, tsitsi langa lenileni ndi loyera. Lakudali ndi tinta."

"Nanga zoyerazi mwapakiranji?"

"Kuti lioneke mmene lilili."

Shefi anagwira m'mimba. "Ndiye kuti ndinu nkhalamba imene yadzisandutsa mnyamata, n'kudzisandutsanso nkhalamba."

"Ndi momwemo, shefi."

Ndinathamanga n'kukagwada pamaso pake, kumuonetsa zala zanga zakuda, kulumbira kuti ndapaka ndine, afunse mudzi wonse. Nangondo yemwe uja anakweza mawu kuchokera kwa akazi kuti n'zoona, munthuyu ndi nkhalamba kuyambira kalekale, aliyense amadziwa. Shefi anapukuta misozi ya kuseka n'kundiyang'ana.

"Mama, inu munamufuna mnyamata. Nafenso tikufuna mnyamata."

Kuseka kunathera pomwepo. Anawasenzetsa thumba pamodzi ndi amuna ena a m'mudzi, mwamuna wa Nangondo ali pomwepo. Podutsa pamene ndinagwada sanandikalipire, sanandiyang'ane moipa. Anangoti, "Mbatatesi za kumunsi mukumbe zisanaole."

Ndinakumba. Ndinakumba ndekha, mwana ali kumbuyo, ndipo ndinkafuna ntchitoyo isathe, chifukwa ndikakhala pansi maganizo ankandipeza. Apongozi sanandinene ngakhale liwu limodzi, ndipo bola akananditukwana. Madzulo alionse ankapatula ndiwo za mwana wawo m'kambale, m'mawa n'kuwapatsa ana. Tinta ya pakhungu langa inatha patapita masabata angapo, koma ya pazikhadabo inakhala. Chikhadabo chikamakula, kuda kuja kumasunthira kunsonga, ndiye masiku ndinkawerengera pamenepo. Ndinkaziyang'ana poyamwitsa, pokonola, ngakhale popemphera. Ndinkadziwa kuti ngati munthu uja afera m'njira, sanamuphe ndi katundu, ndamupha ndine ndi nthenga ya nkhuku.

Amuna ena anabwerera patatha mwezi, mapewa ali zilonda zokhazokha. Ndinapita nyumba ndi nyumba kufunsa. Anati anawasiya cha ku Chidzolomondo, ku Makanga, akunyamulabe, chifukwa anthu aja anaona kuti ndi amphamvu kuposa onse. Za mwamuna wa Nangondo anabwera nazo zomveka, anagwa pamtsinje wina ndipo sanadzuke. Pachitsime tinasiya kunyozana. Tinkangothandizana kusenza ndowa, aliyense n'kulowera kwake.

Chisanu chinatha, kunatentha, mitengo inaphuka. Anthu ena anayamba kundiuza mozungulira kuti mwina tikhale pansi ndi abale tikambe za mwambo wa maliro. Apongozi anawabweza. Mvula yoyamba itagwa ndinapita kumunda kukabzala chimanga ndi Zefa, kuda kutatsala kunsonga kwenikweni kwa zikhadabo. Dzuwa lili pamutu ndinaona munthu akubwera m'mphepete mwa munda, akuyenda pang'onopang'ono, kuima, kuyendanso. Anali wowonda, mapazi atakulunga nsanza. Pakati pamutu nkhata inali itadya tsitsi lonse. Koma m'mbalimu linali litakula, pansi loyera mbuu, kunsonga lakuda bii.

Khasu linagwa lokha. Mawu opepesa amene ndinakonza miyezi isanu anathawa onse. Ndinagwada m'matope n'kugwira miyendo yawo, ndikungoti abambo ake Zefa, abambo ake Zefa.

Anakhala pansi pamzere, anapuma kanthawi. Kenako anatenga dzanja langa n'kuliika pamutu pawo.

"Amake Zefa, mukadzapitanso kumalire mukamuuze bambo wogulitsa uja kuti katundu wake ndi wabwino. Dzuwa, mvula, mitsinje, miyezi isanu. Taonani nokha, sinasuluke."

Ndinaseka, ana inu. Ndinaseka ndikulira, nditagwira mutu uja ndi manja awiri, mpaka Zefa anathamanga kukaitana apongozi kuti amayi apenga.